Momwe mungadulire trailer ya filimu yoseketsa ya chikondi cha achinyamata

Aliyense wokhala pansi kuti aonere filimu yoseketsa ya chikondi amadziwa kale mathero ake. Mtsikana ndi mnyamata amene akunyozana koyambirira adzagwirana manja kumapeto, ndipo woonera akanakwiya zikanapanda kutero. Apa ndi pamene pagona vuto la wodula trailer, kakanema kafupi kotsatsa filimu: katundu amene wogula akumudziwa kale mkati mwake mumugulitsa bwanji?

Ine ndimakhulupirira kuti woonera amalipira kuti akhale pafupi ndi anthu awiriwo, aziona mmene akuzembana, ndi kumvanso kugunda kwa mtima kumene munthu amakumva ali ndi zaka 17, pomwe kungomwetuliridwa kumatha kumusowetsa tulo. Trailer yabwino imamulawitsa zimenezo ngati kanyama kamene wa pachiwaya amakupatsani musanatulutse ndalama. Kakachepa kwambiri simumva kukoma, kakachuluka mumakhuta n'kupitirira ulendo. Malangizo onse ali m'munsiwa akuchokera pamenepo.

Luso limeneli linakulira ku America. Mawu akuti trailer ndi omwe aja timatchulira ngolo yokokedwa ndi lole, chifukwa kalelo timakanema totsatsati tinkabwera pambuyo pa filimu, kufikira eni nyumba za kanema ataona kuti anthu akumatuluka osationera. Mu 1913 Nils Granlund, yemwe ankatsatsa malonda a nyumba za kanema za Marcus Loew ku New York, anapanga kakanema kotsatsa sewero la ku Broadway, dera la nyumba za zisudzo mumzindawo, ndipo kameneko ndi komwe kawirikawiri kamatchulidwa kuti ndi koyamba. Pambuyo pake kampani ya National Screen Service inagwira ntchitoyi pafupifupi yokha kwa zaka zambiri. Lero ku Los Angeles kuli makampani monga Trailer Park, Buddha Jones ndi Mark Woollen & Associates amene ntchito yawo yaikulu ndi yomweyi, ndipo kuyambira 1999 kuli mphotho za Golden Trailer Awards. Taonani kuti ku Hollywood amene anajambula filimu nthawi zambiri si amene amadula trailer yake. Wojambula amakonda sini chifukwa anaivutikira padzuwa tsiku lonse, pomwe wogula tikiti za thukutalo sazidziwa. Ngati filimu ndi yanu ndipo trailer mudula nokha, dzichenjerereni pamenepa.

Kuti tizimvana, tiyerekeze filimu imodzi yongopeka. Ku tawuni ina ya ku America kuli mtsikana wa zaka 17 amene walephera katatu mayeso oyendetsa galimoto. Mu August apita kukoleji kutali, ndipo akufuna laisensi asanachoke. Yekhayo amene angamuphunzitse ndi mnyamata woyandikana naye nyumba, amene anasiya kulankhulana naye ali ana. Tiyenda ndi awiriwa mpaka kumapeto.

1. Onerani filimu katatu, ulendo uliwonse ndi maso ena

Ulendo woyamba ioneni ngati munthu wamba, osaimitsa, cholembera chili pambali. Ikatha lembani malo atatu amene mwaseka ndi amodzi amene khosi linauma. Kumva koyambako sikubweranso, choncho kusungeni pa pepala.

Ulendo wachiwiri zimitsani mawu onse. Mukufunafuna nkhope. Kodi mtsikana uja wayang'ana liti mnyamata pomwe iye akuyang'ana kwina? Ndani waluma mlomo, ndani wabisa kumwetulira, ndani wayamba kutambasula dzanja n'kulibweza? Mawu akakhalapo zimenezi zimakudutsani chifukwa khutu limakoka diso. Shoti (kachidutswa kojambulidwa kamera osaima) iliyonse yotere iduleni muiike pamzere wakewake mu pulogalamu imene mukugwiritsa ntchito, kaya ndi DaVinci Resolve, yomwe ili ndi mtundu waulere, kaya Premiere Pro. Muikenso padera anthu akugwa, zitseko zikumenyedwa, galimoto ikugunda bini ya zinyalala, anthu akuvina ndi akuthamanga. Zimenezi mudzazifuna kumapeto, nyimbo ikafika pachimake.

Ulendo wachitatu tembenukirani kukhoma muzingomvetsera. Lembani chiganizo chilichonse chimene chingaime pachokha popanda kufotokozera. Mupeza kuti ndi zochepa. Zambiri zimene anthu amalankhulana m'filimu zimadalira zimene zachitika kale, ndipo m'trailer zimafa. Sankhani zimene zikutchula vuto mwachindunji, monga mtsikana kunena kuti wangotsala ndi masabata asanu ndi limodzi, ndi zimene zikuonetsa khalidwe la munthu m'mawu anayi kapena asanu.

Ntchito imeneyi imadya masiku, ndipo ndi imene ambiri amaijomba pofulumirira nyimbo. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

2. Dziwani amene mukumuitana

Otsatsa mafilimu ku Hollywood amagawa anthu panayi: amuna ndi akazi, osafika zaka 25 ndi opitirira. Filimu yamtundu uwu kawirikawiri imayambira pa atsikana osafika 25, koma imapeza phindu ikakokanso achikulire amene akufuna kukumbuka unyamata wawo. Magulu awiriwa saona chinthu chimodzi. Wa zaka 16 amaona moyo wake wa lero ndipo amazindikira msanga ngati akulu akumunamizira kalankhulidwe kake. Wa zaka 35 amaona zimene zinapita, ndipo kawirikawiri amaseka kwambiri pa makolo a m'filimumo. Sankhani mmodzi woti trailer izilankhula naye, winayo mumusiyire sini imodzi. Mu filimu yathu, bambo ake a mtsikana akubisa makiyi a galimoto yawo mufiriji ndi sini yokwanira kuitana makolo.

Msinkhu ukukhudzanso malamulo. Ku America bungwe la makampani opanga mafilimu la MPA limaunika ma trailer: oyamba ndi chikwangwani chobiriwira angaonetsedwe kwa anthu ambiri, oyamba ndi chofiira amaloledwa kukhala ndi zotukwana ndi zina za akulu. Mafilimu ambiri a achinyamata amalondola chizindikiro cha PG-13, chimene chinayamba mu 1984, kuti ana asekondale athe kulowa okha. Ngati nthabwala yanu yabwino ili ndi mawu olaula, ikusowetsani malo ambiri ooneserapo. Pezani ina.

3. Lembani lonjezo lanu m'chiganizo chimodzi

Musanadule kalikonse, lembani chiganizo chimene mukufuna woonera akauze mnzake. Chikhale ndi munthu, chimene akufuna, chomutchinga, ndi nthawi imene ikumuthera. Chathu chingakhale chotere: mtsikana amene akufunitsitsa kuthawa kwawo ayenera kuphunzira galimoto kwa mnyamata yekhayo amene angamupangitse kufuna kutsala.

Nthawi yothera ija musaiiwale. Mafilimu a achinyamata a ku America amatsamira pa kalendala ya sukulu: dansi ya prom chakumapeto kwa chaka cha sukulu, mwambo wotsanzikana mu May kapena June, tchuthi cha chilimwe, kenako kubalalika kupita kumakoleji mu August kapena September. Chimasiyanitsa chikondi cha ongosinkhuka ndi cha akulu n'chakuti chili ndi tsiku lotsanzikana loikidwa kale, ndipo onse awiri akusintha pamene akukondana. Trailer ikapanda kutchula tsikulo imasanduka nthabwala zongondondozana. Sini iliyonse imene sikuthandiza chiganizo chanu ichotseni, ngakhale ikhale yokongola chotani.

4. Dulani mawu poyamba, zithunzi pambuyo

Odula ambiri amayamba ndi kuyala mawu ndi nyimbo zokha, ngati sewero la pawailesi. Mukatseka maso n'kumva nkhani yonse, maziko alipo.

Kutalika kwake kuli ndi malire. Lamulo lakale la MPA ndi mphindi ziwiri ndi theka, ndipo mu 2014 bungwe la eni nyumba za kanema ku America linapempha kuti zitsike kufika mphindi ziwiri. Kwa filimu yoseketsa ine ndimakonda mphindi ziwiri kapena kucheperapo. Muzigawe patatu, koma osati mofanana.

Masekondi 30 oyamba ndi a munthu mmodzi. Tionetseni mtsikanayo ali pamavuto ake: woyesa mayeso akutuluka m'galimoto miyendo ikunjenjemera, iye akufunsa ngati wakhoza. Musayambe ndi onse awiri. Woonera ayambe wakonda mmodzi kuti winayo akalowa amuone ndi maso a woyambayo. Kale ntchito yofotokoza inkagwiridwa ndi mawu aakulu a mwamuna wosaoneka, ndipo wotchuka kwambiri anali Don LaFontaine, amene analankhula m'ma trailer zikwizikwi asanamwalire mu 2008. Kachitidwe kameneko kanazilala. M'filimu ya kukula kwa mwana, mawu oyenera kufotokoza ndi a mwanayo mwini. Ngati m'filimu muli pamene akudzilankhulira, tengani pamenepo. Ngati mulibe, mawu ochepa olembedwa pa sikirini akwanira, osapitirira anayi kapena asanu nthawi imodzi.

Gawo lapakati, pafupifupi mphindi yathunthu, ndi la awiriwo. Akumane, agwirizane monyinyirika, akangane, kenako china chake chisinthe. Pano mpamene mnzake wapamtima wa mtsikanayo amalowa ndi kunena poyera chimene aliyense waona kale, kuti wayamba kumukonda, iye n'kukana mwamphamvu kwambiri. Kukanako ndi kumene kumagulitsa. Woonera amasangalala kudziwa chinthu mwini wake asanachidziwe.

Masekondi 30 otsiriza muonetse mtengo wake. Kalata ya kukoleji ili patebulo, mnyamata akuchoka osatembenuka, ndiyeno zithunzi zothamanga zija munasunga zitsatizane mofulumira kufikira dzina la filimu. Dzina likatha, bwererani ndi kanthabwala kamodzi kafupi. Akatswiri amakatcha button. Ntchito yake ndi kutulutsa munthu akumwetulira, kuti asaganize kuti mwamuitanira maliro.

5. Nyimbo, ndi pamene muyenera kuizimitsa

Trailer zambiri zamtunduwu zimayenda pa nyimbo ziwiri kapena zitatu: yopepuka yodumphadumpha poyamba, yodekha pamene mitima yayamba kufewa, ndi yaikulu yokweza kumapeto. Dulani zithunzi motsata kugunda kwa ng'oma. Chitseko cha galimoto chitsekeke pomwe ng'oma yagunda, bini igwe pa kugunda kotsatira. Woonera sazindikira chimene mwachita, amangomva kuti zinthu zikuyenda bwino.

Chida chachikulu koposa ndi kuzimitsa nyimbo. Nthabwala ikamayandikira, imitsani nyimboyo mwadzidzidzi, mawu oseketsawo agwe pa chete, musiye kamphindi ka nkhope ya womvera, kenako nyimbo ibwerere. Mukasiya nyimbo ikulira pansi pa nthabwala, nthabwalayo imamira. Mukachita zimenezi kopitirira katatu kapena kanayi, woonera amayamba kuziyembekezera ndipo mphamvu yake imatha.

Za umwini wa nyimbo musazitenge mopepuka. Nyimbo yojambulidwa ili ndi eni awiri, wopeka ndi mwini wa chojambulidwacho, ndipo chilolezo chimafunika kwa onse. Chilolezo choiika m'filimu sichikhala chokha chilolezo choitsatsira malonda. N'chifukwa chake ma trailer ambiri amagwiritsa ntchito nyimbo yakale yoimbidwanso ndi munthu wina, kapena nyimbo zopekedwera ntchito yotsatsa. YouTube ili ndi makina a Content ID amene amazindikira nyimbo za eni, ndipo angathe kutseka kanema wanu tsiku lomwe mwamutulutsa. Amene mukugwirira ntchito ku Malawi, yambani mwalankhula ndi woimbayo ndipo mufunse ku COSOMA, bungwe loteteza umwini wa nyimbo ndi zaluso zina, mgwirizano ulembedwe pa pepala.

6. Nthabwala: perekani yachiwiri, sungani yoyamba

Dandaulo lofala la oonera ndi lakuti zoseketsa zonse zinali m'trailer. Ikani nthabwala zanu pamndandanda kuyambira yoseketsa kwambiri. Imene ili pamwamba, makamaka ngati imadalira kudziwa anthuwo kwa ola lathunthu, isiyeni m'filimu. Tengani zachiwiri ndi zachitatu zimene mlendo angazimve. Nthabwala yabwino ya m'trailer imagwiranso ntchito ina: imakuuzani kuti munthuyu ndi wotani. Mnyamata akamanga lamba wake, n'kuvalanso chipewa cha njinga asanalole mtsikana kuliza galimoto, mwaseka, komanso mwadziwa kuti ndi wamantha ndiponso kuti wabwerabe.

7. Nkhope, ndi kamphindi kaja asanapsompsonane

Pano ndikhalitsapo, chifukwa ndi pamene trailer imapambana kapena kugwa.

Chimene woonera akufuna kutsimikiza n'chakuti osewera awiriwa akakhala pamodzi pamayaka moto. Palibe mawu olembedwa pa sikirini amene angamuuze zimenezo. Ayenera kudzionera yekha, ndipo kuti adzionere muyenera kumupatsa nthawi. Pakati pa trailer yothamanga, pomwe shoti iliyonse ikukhala sekondi imodzi kapena kucheperapo, sankhani malo amodzi oti muime masekondi asanu kapena asanu ndi limodzi osadula. Ikhale shoti imene onse awiri akuoneka limodzi. Mukamadumpha kuchoka pankhope ina kupita pa ina, woonera amadziwa mumtima kuti wodula ndiye akupanga chikondicho. Akakhala m'chithunzi chimodzi, amakhulupirira.

Mu filimu yathu ndikanatenga apa. Galimoto yaima pambali pa msewu madzulo. Mnyamata akutambasula dzanja kuti akonze galasi loonera kumbuyo, mtsikana naye watambasula lake nthawi yomweyo. Zala zakhudzana. Palibe wolankhula. Mtsikana akubweza dzanja n'kuligwiritsa chiwongolero mwamphamvu ngati galimoto ikuyenda, chikhalirecho injini ndi yozima. Mnyamata akuyang'ana pawindo, khutu lake lafiira. Nyimbo apa ikhale pansi kwambiri kapena isakhalepo, timve kupuma kwawo. Filimu imayenda zithunzi 24 pa sekondi, ndipo pamalo ngati awa kuchotsa zithunzi zisanu ndi chimodzi zokha kungaphe kamanyazi konse. Yesani kudula mochedwerapo, kenako mofulumirirapo, muone pamene mtima wanu ukudumpha.

Ndiyeno pali funso la kupsompsonana. Ambiri amakuika, poti amati ndi chimene anthu akufuna. Ine ndimati musakuike, kapena dulani nkhope zikungoyandikirana. Ndinaphunzira izi pa kafilimu kakang'ono ka mnzanga kamene ndinadulira trailer. Ndinaikamo zonse, mkangano, kulira, kuthamangitsana, mpaka kupsompsonana kwa kumapeto, chifukwa inali shoti yokongola koposa zonse. Mlongo wanga wamng'ono ataionera pafoni anandibwezera foniyo akumwetulira, nati, "Achimwene, yabwino kwambiri. Ndiye basi anakwatirana eti?" Sanafunse tsiku limene filimuyo ituluke. Ndinali nditamukhutitsa. Nditachotsa masekondi atatu amenewo n'kuthera pomwe mtsikana watseka maso, funso la munthu wotsatira linali lakuti filimu yonseyo aipeza kuti.

Mathero amadziwika, inde, koma njira yake siidziwika, ndipo kudziwa kuti chinthu chichitika n'kosiyana ndi kuchiona chikuchitika. Bisaninso chimene chidzawalekanitse chakumapeto, bodza limene lidzaululike kapena mawu opweteka amene mmodzi adzanene. Onetsani misozi yake, chifukwa chake chikhale cha m'filimu.

Musaiwale kuti filimuyi ndi ya kukula, si ya chibwenzi chokha. Muikemo shoti imodzi ya mtsikanayo ali yekha, akuyendetsa galimoto popanda womuthandiza, mphepo ikuwomba tsitsi. Achinyamata ambiri chimene chimawakoka ndi chimenecho, kuona munthu wa msinkhu wawo akuima payekha.

8. Kongoletsani, koma musaname

Odula trailer amasuntha zinthu. Amatenga chiganizo cha sini ina n'kuchiphatikiza ndi nkhope ya sini ina kuti nthabwala ifupike. Zimenezi n'zololedwa malinga ngati mzimu wa filimu sunasinthe. Malire ake ali pa kulonjeza chimene mulibe.

Chitsanzo chodziwika ndi cha filimu yachikondi yoseketsa ya Yesterday ya mu 2019. Trailer yake inaonetsa wosewera wotchedwa Ana de Armas, koma sini zake zinachotsedwa m'filimu yeniyeniyo. Mu 2022 anthu awiri amene anabwereka filimuyo pa Amazon pa mtengo wa $3.99 aliyense anasumira kampani ya Universal, ndipo mu December chaka chomwecho woweruza Stephen Wilson ku California anagamula kuti trailer ndi kutsatsa malonda, choncho ingathe kuzengedwa pa malamulo oletsa kutsatsa monama. Osumawo sanapeze mamiliyoni amene ankafuna, koma mfundoyo inamveka ku Hollywood konse. Chinanso chinachitika ndi filimu ya Mean Girls ya mu January 2024, imene trailer yake yoyamba sinaonetse bwino kuti osewera aziimba nyimbo m'kati mwa nkhani. Ena anakadzidzimukira m'nyumba ya kanema, ndipo madandaulo awo anafala pa intaneti.

Kwa filimu ya achinyamata ngozi imeneyi ndi yaikulu, chifukwa iwo amauzana usiku womwewo pafoni. Ngati filimu yanu ili ndi chisoni chambiri, mwina kholo likudwala kapena banja likutha, musaigulitse ngati phwando lokhalokha. Oonera akapeza kuti ndi chikomekome cha nkhuyu, sabata yachiwiri mudzakhala nokha. Ikani kachizindikiro ka chisonicho m'gawo lachitatu la trailer, kuti wobwera abwere atakonzeka. Ndipo filimu ikasinthidwa trailer itatuluka kale, bwererani mukaone ngati zonse munalonjeza zikadalimo.

9. Idulireninso foni

Anthu ambiri trailer yanu adzaionera pafoni, chala chili chokonzeka kupitirira. Pa YouTube malonda ambiri amatha kudumphidwa pakatha masekondi asanu, n'chifukwa chake makampani amaika kachidutswa kofulumira patsogolo pa trailer yeniyeni: nkhope ziwiri, nthabwala imodzi, dzina. Chizindikiro cha kampani yanu chisadye masekondi amenewo.

Konzani mitundu ingapo. Wa 16:9, wopingasa, ndi wa YouTube ndi nyumba za kanema. Wa 9:16, woimirira, ndi wa TikTok, Instagram ndi WhatsApp, ndipo umafuna kudulidwa mwatsopano chifukwa shoti ya anthu awiri ija siikwana m'chithunzi chopapatiza. Pamenepo sankhani shoti imene ayandikirana kwambiri. Pangani wa masekondi 30 ndi wa 15, uliwonse ukhale ndi lingaliro limodzi lokha. Lembani mawu onse olankhulidwa pansi pa chithunzi, poti ambiri amaonera mawu atazimitsa, m'minibasi kapena m'kalasi. Kumapeto dzina la filimu, tsiku ndi malo oonera zikhale pa sikirini nthawi yokwanira kuziwerenga kawiri. Za tsikulo, si mwangozi kuti mafilimu ambiri achikondi amatuluka pafupi ndi 14 February kapena pa tchuthi cha sukulu, ndipo trailer imayenera kutsogola ndi masabata angapo.

10. Ionetseni kwa anthu amene sakukuopani

Makampani aakulu amalipira mabungwe ofufuza kuti aonetse trailer kwa anthu osankhidwa, n'kuwafunsa ngati angapite kukaonera. Inu mungachite zomwezo ndi anthu asanu kapena khumi a msinkhu umene munasankha pa langizo lachiwiri lija, amene sanaonepo filimuyo ndipo sakudya nanu. Mutu umodzi susenza denga, makamaka mutu umene waonera masekondi omwewo kambirimbiri.

Apatseni foni mmodzimmodzi, inu mukhale pambali muziyang'ana nkhope yawo osati sikirini. Onani pamene maso achoka, pamene chala chayamba kuyendayenda m'mphepete mwa foni, pamene mapewa agwedezeka ndi kuseka. Pa shoti ya galasi ija, onani ngati apuma kapena agwira mpweya. Ikatha musafunse ngati aikonda, chifukwa mwaulemu adzavomera. Afunseni mafunso atatu: nkhaniyi ndi ya ndani, akufuna chiyani, ndipo ndi chiyani chimene mukufuna kudziwa tsopano. Akalephera loyamba, konzani masekondi 30 oyamba. Akalephera lachiwiri, tsiku lotsanzikana lija silinamveke, ndiye libwezereni m'mawu a mtsikanayo. Akayankha lachitatu kuti palibe, mwaonetsa zambiri. Bwererani ku gawo lachitatu la trailer, muchotse shoti yomaliza imene awiriwo ali limodzi, kenako muitane anthu ena asanu amene sanaione.